Mwana Wanga Wanyanyala Kunena Ameni

Agogo,

Kalatayi ndalemba, ndang'amba, ndalembanso, chifukwa nkhani yake ndi yochititsa manyazi kwa munthu amene amakhala benchi lachiwiri kuchokera kutsogolo m'tchalitchi. Koma zandikwana. Chonde dzina langa musalitulutse.

Ine ndine wometa tsitsi. Kashopu kanga kali ndi mpando umodzi, benchi la odikira, ndi galasi lalikulu lomwe linang'aluka pakona koma limaonetsa bwinobwino. Pamenepo ndimacheza ndi aliyense, za mpira, za mvula, za mabanja a eni ake, moti makasitomala ena amati ndikanakhala phungu. Akazi anga ndi telala, makina awo osokera amakhala pabalaza, pansi pa zenera. Tili ndi ana awiri, onse aakazi. Wachisamba ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo timamutcha Wailesi chifukwa akangodzuka amatsegula pakamwa mpaka tulo timuzimitse. Mzime ndi Nyerere, poti komwe kuli shuga simungamusowe.

Vuto lathu linayambira pa chinthu chabwino. Chaka chatha kumpingo kwathu kunali maphunziro a mabanja, ndipo ine ndi akazi anga tinapita titavala zofanana zimene anasoka okha. Alangizi anaphunzitsa zambiri, koma ife tinabwerako ndi ziwiri. Anati, "Makolo, musamakangane pamaso pa ana." Kenako anati, "Chilichonse chimene chakulemerani mumtima kachituleni kwa Mulungu, ndipo banja lizipemphera pamodzi."

Tsono Agogo, nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ndipo khoma la pakati silinafike kudenga. Mukayetsemula kuchipinda, wa pabalaza amakupepesani. Pamenepo munthu n'kukakanganira kuti? Tinayesa kunong'ona, koma akazi anga akamanong'ona atakwiya amamveka ngati tayala lomwe likuphwa, ana n'kumafa nacho chiseko. Tinayesa kukakanganira kubafa lapanja, aneba n'kuyamba kutiyang'ana ndi maso ena.

Ndiye tsiku lina madzulo, chakudya chili patebulo, titagwirana manja, mtima unangondiuza kuti tula nkhawa. Tsikulo ndinali nditakhalira phini pasofa, ndipo sikanali koyamba. Ndinapemphera kuti, "Atate, tikuthokoza chifukwa cha chakudyachi. Tikupemphereranso anthu ena amene amasiya mapini pasofa, kuti muwakumbutse kuti anzawo ali ndi thupi la mnofu." Onse anati Ameni. Wa akazi anga anatuluka mochedwerapo, koma anatuluka.

Ndinaona kuti njira ndaipeza. Sindinakalipe, sindinatchule dzina, ana sanaone mkangano.

Mawa lake anapemphera ndi iwo. Anati, "Ambuye wachifundo, kumbukirani anthu ena amene amabwera ndi tsitsi la anthu osawadziwa m'kolala n'kukalisiya pasopo, mpaka anzawo posamba n'kumaona ngati akudzikhula ndi khoswe." Uku dzanja langa atalifinya, ndipo telala ali ndi zala zolimba, Agogo. Ndinati Ameni. Nanga ndikanatani? Munthu sungakane pemphero.

Kuyambira pamenepo ndi mmene takhala tikukhalira, mwamtendere ndithu. Malamulo ake anangobwera okha. Dzina silitchulidwa, timati "anthu ena." Maso amakhala otsinzina. Wonenedwayo ayenera kuvomera Ameni, koma ali ndi ufulu wonena kuti, "Ndiwonjezepo pang'ono, Ambuye," ndipo pamenepo mpamene amayankha mlandu wake. Amayi anga atabwera kudzacheza, akazi anga anapempherera "alendo amene aiwala njira ya kwawo, kuti muwaunikire." Ine ndinawonjezapo za "anthu ena amene mchimwene wawo anagona pasofa pano mpaka sofayo inaloweza msana wake." Amayi angawo anati Ameni mokweza pa mapemphero onse awiri, n'kukhalanso mwezi wina.

Abusa atatiyendera anadabwa kuona banja lopemphera nthawi yaitali chonchi. Tsiku limenelo akazi anga anapempherera "anthu ena amene amaliza mkonono ngati makina awo ometera, kukacha n'kumakana." Abusa anati, "Mlongo, muli ndi mtima wopempherera ena." Lamulungu lotsatira anatitchula kutsogolo ngati chitsanzo, ndipo mabanja ena akhala akutifunsa chinsinsi chathu.

Choipa chake n'chakuti chakudya chimazizira. Nyerere anatulukira nzeru yofuula "Ameni!" pakati pa pemphero kuti mwina tingasiye, koma amayi ake amangoti, "Sitinafike, mwanawe," maso ali chitsinzinire. Ana nawo anaphunzira. Wailesi anapemphererapo "anthu ena aang'ono amene amanyowetsa bedi n'kusunthira mbali ya anzawo." Nyerere anabweza kuti, "Ambuye, anthu ena amatsina." Ine ndinkanyadira kuti ana anga akukulira m'pemphero.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa.

Masabata apitawa Wailesi anafika kushopu pochokera kusukulu, pa nthawi yomwe kunalibe kasitomala. Anakwera pampando, n'kudzifunditsa yekha nsalu yometera, n'kuti ndimuchepetseko m'mbali. Tsitsi lake linali lalifupi kale, koma ndinayatsa makina. Makina akulira, anandiyang'ana pagalasi n'kuti, "Ababa, ndikuuzeni kanthu? Koma musawauze amayi." Ndinati, "Nena, mwananga, sindiwauza." Iye anati, "Ndinawauza anzanga a m'kalasi kuti inu mumayendetsa ndege."

Makina anatsala pang'ono kundipulumuka. Nditamufunsa chifukwa chake, anati tsiku lina ana ankatchulirana ntchito za makolo awo, wina bambo ake ndi dokotala, wina ali ndi malole, ndiye kamnyamata kena kanati, "Awa bambo awo amasesa tsitsi." Onse anaseka. Iye n'kuyankha kuti ayi, kumetako amangotayira nthawi akakhala patchuthi, ntchito yawo yeniyeni ndi ya ndege. Bodzalo linamera mapiko. Ndege ikamadutsa m'mwamba nthawi yopuma, ana onse ankaibayibitsa n'kumakuwa kuti, "Bambo a Wailesi!" Tsono aphunzitsi anali atalengeza kuti makolo azibwera m'kalasi kudzafotokoza za ntchito zawo, ndipo kalasi yonse inagwirizana kuti ayambe ndi woyendetsa ndege. Misozi ili lengelenge, anandifunsa kuti, "Ndiye nditani, ababa?"

Agogo, kunena zoona zinandiwawa. Manja awa ndi amene amamugulira nsapato. Koma sindinakalipe. Ndinangoti, "Tiona," n'kumupukuta pakhosi ndi burashi.

Madzulo ake mtima unali utalemera, ndipo alangizi anati cholemera n'chotula. Tsoka ilo, patebulo panali mlendo, mayi wina amene ankadikira kuti akazi anga amumalizire mpendero wa diresi, ndipo anali ndi mwana wake. Ine ndinaiwala kuti mwanayo ali kalasi imodzi ndi Wailesi. Ndinapemphera motere: "Atate, khululukirani anthu ena amene amachita manyazi ndi ntchito ya makolo awo, mpaka kuwakweza ndege imene sanaikwerepo ngakhale kutulo. Atsitseni bwino, Ambuye, asavulale." Dzina sindinatchule, Mulungu ndi mboni. Ndipo amayi ake sindinawauze kanthu, monga ndinalonjezera. Ine ndinkauza Mulungu, iwo anangomva nawo.

Ndinamva kadzanja ka Wailesi kakuchoka m'dzanja langa. Onse anati Ameni kupatula iye.

Mawa lake nkhani inafika kusukulu ine ndisanatsegule shopu. Pano ana akumutcha Ndege, ndipo akamadutsa amatambasula manja n'kumalira ngati injini. Wailesi wathu ndiye wazima. Amadzuka, kusesa, kusamba, kupita kusukulu, kubwera. Mukamufunsa kanthu ndi "eya" kapena "ayi." M'nyumba muno amene akuyankhula ndi makina osokera okha. Kushopu sabweranso, amalambalala kudzera msewu wakuseri. Dzana ndinaona pagalasi mwana wa yunifomu akudutsa, ndinayesa ndi iye, dzanja n'kuphonya mzere, moti munthu amene anabwera kudzangochepetsa ndinachita kumumeta mpala.

Pa pemphero amakhala manja ali pamiyendo, akungoyang'ana khoma. Ndikudziwa chifukwa ndimasuzumira. Ameni ndiye ayi ndithu. Nditamufunsa anangoti, "Munthu akati Ameni ndiye kuti wavomera," n'kulowa kuchipinda.

Sikuti ndangokhala. Ndinamugulira mabisiketi n'kupatsira Nyerere kuti akamupatse, koma sanafike. Tayesanso kumupempherera mwini wake ali pomwepo. Ine ndinapempherera "anthu ena ouma mitima." Akazi anga anapempherera "anthu ena akuluakulu a pakamwa pobooka ngati sefa," n'kuwonjezera kuti, "ndipo ngati alipo wofuna yunifomu ya woyendetsa ndege, Ambuye, muuzeni kuti nsalu yoyera ilipo." Mpaka lero sindikudziwa ngati ankanyoza kapena ankanena zoona.

Kasitomala wina akuti ichi ndi chiwanda chotseka pakamwa, ndipite naye kuphiri akamusanjike manja. Mnzanga wokonza njinga pafupi ndi shopu akuti kamkwapulo kamodzi kamatsegula wailesi iliyonse. Ine ndikuganiza zolemba kapepala kopempha mapemphero kuti abusa akawerenge Lamulungu, popanda dzina, kuti mwina mwanayu akamva mpingo wonse ukumupempherera afewa.

Ndithandizeni, Agogo. Nditani kuti mwanayu ayambenso kunena Ameni? Nanga kusukulu kuja ndipite, popeza aphunzitsi akundiyembekezabe? Komanso ngati mungathe, m'yankho lanu muikemo mawu pang'ono okhudza anthu ena amene amasiya mapini pasofa, chifukwa tsamba lanu amaliwerenga sabata iliyonse.

Ine wosowa mtengo wogwira,
G.L.K., wa kuseri kwa siteji ya mabasi

Bambo a Wailesi,

Kalata yanu nditaiwerenga ndinavula magalasi n'kuwapukuta, poganiza kuti mwina akunama ndi iwo. Ndinaseka mpaka mano anga oikirira anatsala pang'ono kugwera mu tiyi. Koma nditafika pa kadzanja kaja, kuseka kunandithera. Ndiye khalani pansi, muyambe mwapapasa ngati pali phini. Lero wometa ndine, ndipo ndikumetani mpala wopanda madzi.

Ndiyambe ndi pempho lanu lomaliza. Mwatuma Mulungu kwa akazi anu chaka chathunthu. Mwatuma Nyerere ndi mabisiketi, munthu woti dzina lake lomwe likukuchenjezani. Poona kuti sizikuyenda, mwati mutume ine. Ndakana. Kuchokera pasofa kukafika pa makina osokera, miyendo yanu ikwanitsa.

Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma matenda anu ndawaona msanga, ndi matenda a kuntchito. Tsiku lonse mumayankhula ndi anthu muli kumbuyo kwawo, maso n'kumakumana pagalasi. Munthu ali pompa, khutu lake lili m'manja mwanu, koma inu mukuuza galasi. Ndiye mwafika kunyumba, mwapeza kulibe galasi, mwatenga Mulungu n'kumupachika pakhoma kuti muzionerapo akazi anu. Mwana wanga, Mulungu si galasi la munthu.

Ndikuuzeni za banja lina limene tinkachita nalo lendi mumpanda umodzi kalekale. Awo anayambana chifukwa cha ambulera, n'kusiya kuyankhulana, koma anali ndi galu. Ndiye zonse zinkadzera mwa galuyo. Mayi ankaima pakhomo la khitchini n'kuti, "Galu iwe, kawauze abwana ako kuti madzi osamba akuzizira." Bambo ali pakhonde pomwepo, poti atalavula malovu akanamufika mkaziyo, ankayankha kuti, "Galu iwe, kawauze adona ako kuti madzi amene sanatenthepo sangazizire." Galu wa anthu ankangotembenuza mutu, uku, uku, mpaka khosi kuuma. Anaonda galu uja, nthiti kuchita kuwerengeka, chifukwa aliyense ankayesa kuti mnzake wamudyetsa, ndipo panalibe galu wachiwiri woti amutume kukafunsa. Tsiku lina ananyamuka osatsanzika n'kukakhala kwa wogulitsa nyama. Sipanapite nthawi, bambo aja anakhala pafupi ndi mbaula akuwerenga nyuzipepala, mwendo wa buluku n'kugwira moto. Mayi anauona motowo. Mukudziwa chimene anachita? Anathamangira kumsewu n'kuyamba kuimba likhweru, kuitana galu. Tinachita kukazimitsa ndife ndi ndowa. Bambo aja anayenda chotsimphina mpaka imfa yawo, ndipo akafunsidwa ankati ndi nyamakazi.

Inu mukusiyana pati ndi banja limenelo? Kungoti ntchito imene anzanu ankatuma galu, inu mukutuma Mwini kumwamba. Pamenepo muganizirepo, muchiteko mantha pang'ono.

Alangizi anu sanalakwe. Anakupatsani mankhwala a mitundu iwiri, ena akumwa, ena opaka, inu n'kusakaniza n'kumwa onse. Kutula nkhawa kwa Mulungu ndi kwina, kuneneza mnzako utatsinzina ndi kwina. Pemphero loti mwini wake akusuzumira kuti aone ngati lalasa munthu si pemphero, ndi legeni. Ndipo musadzinamize kuti ana sanaone mkangano. Anauona, anauloweza, mpaka kamwana ka shuga kaja kakudziwa kale kukasuma kumwamba. Make mbuu, mwana mbuu. Mwawaphunzitsa kuti Mulungu ndi wapolisi wa pabalaza, amene amamvera woyamba kutsinzina. Mabanja amene akukufunsani chinsinsi aja musawauze, chonde, matendawa angalowe mpingo wonse abusa n'kumadabwa kuti Akhristu awo akuondera chiyani.

Tsono za Wailesi. Mwafunsa kuti mutani kuti anene Ameni. Funso lake si limenelo. Pa nonse a m'nyumbamo, mwanayo yekha ndiye akudziwa kulemera kwa liwu limenelo, n'chifukwa chake sakuliseweretsa. Musiyeni nalo. Chimene mwataya ndi mwana amene ankakwera pampando wanu tsitsi lili lalifupi, kungofuna podzera kuti akuuzeni za kumtima. Ananama, inde, ndipo bodza silikoma. Koma taonani kumene anathawira bodzalo litamukulira. Sanapite kwa aphunzitsi, sanapite kwa amayi ake. Anabwera kwa wosesa tsitsi yemweyo. Mwana wochita nanu manyazi enieni sakanabwera. Anakupatsani dzira kuti mumusungire, inu n'kukaliswera patebulo alendo akuona, lero mukuti, "Koma dzina la nkhuku sindinatchule." Ndipo zoti amayi ake anangomva nawo musadzazinenenso pagulu, nkhuku zomwe zingakusekeni.

Kuphiri musapite naye. Ngati m'nyumbamo muli woyenera kusanjikidwa manja, ali ndi ndevu. Mnzanu wa njinga mkwapulo wake akakwapulire matayala. Mwana wokwapulidwa amatulutsadi mawu, koma si mawu amene mukuwasowawo. Kapepala ka kwa abusa ndiye kang'ambeni musanakalembe. Mwana wasekedwa ndi kalasi imodzi, inu mukufuna muwonjezere mpingo wonse ndi kwaya yomwe?

Chochita ndi ichi. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo wamva m'mimba ndinu. Mupezeni mwanayo ali yekha, popanda Nyerere, popanda amayi ake, popanda galasi. Ngati n'kotheka tsekani shopu mukamuchingamire panjira ya kusukulu, koma osati pageti pamene anzake angakuoneni n'kuyamba kutambasula manja. Khalani pansi kuti maso anu alingane ndi ake, maso otsegula, munene kuti, "Mwananga, unandiuza chinsinsi, ine ndinachiulula. Ndinalakwa. Pepa." Mukatero tsekani pakamwa. Ndimakudziwani ometa inu, kukhala chete mumakuopa ngati kuzima kwa magetsi. Musawonjezepo "koma nawenso." Musawonjezepo za nsapato zija, kugulira mwana nsapato ndi udindo wanu, si chingwe chomumangira. "Anthu ena" asiyeni kunyumba, tsiku limenelo pakhale "ine" ndi "iwe" basi. Akapanda kuyankha musamukakamize. Mawa mumupatse moni, mkuja chimodzimodzi, mpaka adzasungunuke yekha. Bala lochokera kwa kholo limachedwa kupola.

Za bodza lake mudzakambirane tsiku lina, awiriwiri, akadzayamba kukuyang'anani kumaso. Mudzamuuze mosapita m'mbali kuti zinakupwetekani. Bambo akanena kuti "zinandiwawa" ndevu sizithothoka. Mwana akadzamva zimenezo pakamwa panu adzaphunzirapo zambiri kuposa mapemphero anu onse a chaka chino.

Za kusukulu, mwini nkhani ndi iye, mufunseni. Akati musapite, musapite m'kalasi, koma kaonaneni ndi aphunzitsi mwakachetechete, chifukwa zomutcha Ndegezi zikufunika munthu wamkulu aziletse. Akati pitani, pitani ngati wometa, ndi makina anu, chipeso, burashi ndi nsalu yofunditsa. Yunifomu ya ndege ayi, angakakufunseni pali mabuleki. Mukapemphe aphunzitsi alionse olimba mtima akhale pampando muwamete ana akuonerera. Ine ana ndimawadziwa. Ndege amangoionera kutali, koma mutu wa aphunzitsi ukumetedwa adzaukamba mpaka atamera imvi. Mukakaona kamnyamata kamene kanati mumasesa tsitsi, musakabwezere, ngakhale m'pemphero. Kapatseni burashi kagwire.

Tibwere kwa akazi anu, omwe ndikudziwa kuti akuwerenga ataimitsa makina. Amayi, musaseke kwambiri, theka la mpala uwu ndi lanu. Nonse awiri mukhale pansi mutseke khoti la patebulolo. Chimene ana sayenera kuona ndi kutukwanana, kunyozana ndi kuponyerana mbale. Koma bambo kunena kuti, "Amake Wailesi, ndakhalira phini, chonde muziwaika m'kachitini," mayi n'kuyankha kuti, "Pepani, nanunso muzitsuka sopo," chimenecho ana achione ndithu, adziwe kuti anthu okondana amauzana n'kukhalabe okondana. Nkhani ikakhala yaikulu, yosayenera makutu a ana, valani nsapato mupite limodzi kukagula makala. Kukangana mukuyenda n'kwabwino. Mpweya umatha msanga, ndipo aneba amangoti taonani achikondi awo.

Pemphero la pa chakudya likhale lalifupi, loti Nyerere asafike pofuula. Thokozani, idyani. Pa pemphero la banja ikani lamulo limodzi: wofuna kutchula tchimo atchule lake. Mudzadabwa mmene mapemphero adzafupikire. Mnzako uzimutchula pothokoza pokha, ndi dzina lake lomwe. Zolemera zenizeni kazituleni muli nokha, popanda munthu woti alaswe. Kumeneko n'kumene mudzadziwire ngati munkafuna Mulungu kapena munkafuna oonerera. Alangizi aja mukaonane nawonso, nonse awiri, muwafotokozere mmene munamwera mankhwala awo. Akamaliza kuseka akuthandizani. Ndipo mwanayo akapitiriza kuzima, kuyamba kukana chakudya kapena sukulu, musataye nthawi kundilembera kalata ina. Pezani munthu wamkulu amene iye amamukhulupirira, azakhali ake kapena aphunzitsi, acheze naye.

Chenjezo langa ndi ili. Mtsikana wa msinkhu umenewo ali pakhomo pa zaka za zinsinsi zolemera. Lero ndi bodza la m'kalasi. Mawa kudzakhala munthu amene wamuimitsa panjira, kapena chinthu chimene chamuopsa m'thupi mwake. Akapeza kuti khutu la bambo ake ndi lobooka adzakafuna khutu kwina, ndipo makutu a kunjaku samvera ulere. Ndiye tsiku limene adzakunong'onezeninso kanthu, mudzamve, mudzameze, mudzasunge. Ikadzakhala nkhani yoti amayi ake ayenera kuidziwa, mudzayambe mwamuuza iyeyo kuti, "Tiye tikawauze limodzi." Lilime likadzayamba kuyabwa pa nthawi ya pemphero, mudzalilume. Zimene mwana wakuuzani, Mulungu safunika kuti mumubwerezere pagulu. Anamva kale. Anali pomwepo.

Ndine Agogo anu.